Kodi mutu wa nyimbo ya jazz umapita kuti?

Chikondi, Lilongwe:
Moni nonse pagulu pano. Ine ndimayimba kiyibodi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa miyezi ingapo osalankhulapo, koma lero ndaona kuti ndifunse ndithu. Sabata yatha mnzanga anandiikira nyimbo za jazz zokwana 20 pafoni, n'kundiuza kuti aliyense wogwira kiyibodi ayenera kuzidziwa. Ndazimvetsera usiku uliwonse, koma ndikulephera kupeza pogwira. Nyimbo imayamba bwinobwino ndipo mutu wake ndimaumva, koma pakangotha mphindi imodzi walipenga amayamba zake, wapiyano nayenso zake, ndipo mutu uja sumvekanso mpaka kumapeto. Kodi anthu amenewa amakhala atagwirizana chiyani asanayambe? Funso langa lachiwiri ndi lakuti, kumudzi kwathu agogo ankatchula kuti “jazz band” anyamata oyimba banjo ya chigubu ndi ng'oma ya chikopa cha mbuzi, zomwe sizikufanana n'komwe ndi zimene zili pafoni yangayi. Dzina limodzi linafika bwanji pa zinthu ziwiri zosiyana chonchi?

Bambo Mbewe, Dedza:
Mwafunsa bwino a Chikondi, ndipo funso lanu loyambalo lidandizunguza inenso pamene ndidayamba kumva nyimbozi pawailesi ya malemu bambo anga, yomwe usiku inkagwira pulogalamu ya jazz ya Voice of America, imene ankayendetsa Willis Conover ndi mawu ake aakulu olankhula pang'onopang'ono. Mutu wa nyimbo sutayika ayi, umangotsikira pansi. Chimene oyimba amagwirizana asanayambe ndi mndandanda wa ma chord, kutanthauza manoti angapo olira pamodzi, ndi kutalika kwake, ndipo mndandanda umenewo umazungulira osasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale pamene palibe amene akuyimba mutu weniweniwo. Nyimbo zambiri zakale zimayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi blues, yomwe ili ndi ma bar 12 (bar ndi kagawo ka nyimbo, kawirikawiri ka kugunda kanayi) ndipo imatsamira pa ma chord atatu omwewo amene inu mumagwira m'kwaya Lamulungu lililonse, chord yoyamba, yachinayi ndi yachisanu. Yachiwiri ili ndi ma bar 32: gawo la ma bar 8 limayimbidwa kawiri, pamabwera gawo losiyana limene oyimba amalitcha bridge, kenako gawo loyamba lija limabwerera. Gulu lonse likayimba mutu kamodzi, aliyense amapatsidwa mpata wopeka zake pomwepo pamwamba pa ma chord omwewo, ndipo akamaliza onse amabwerera ku mutu n'kutseka.

Ine ndidakulira kumene ng'oma za gule zimachezera usiku wonse, choncho ndimazimva motere. Mpanje ndi zinzake zimagwira kugunda kumodzi osasuntha, pamene mbalule imalankhula, kutsatira mapazi a wovina, kumuputa ndi kumuyankha. Mlendo amaganiza kuti wambalule akungomenya zimene zamubwerera, chonsecho mwiniwakeyo akuwerenga limodzi ndi anzake ndipo sangaphonye pofikira. Sindikunena kuti jazz idachokera ku gule wathu, chifukwa akapolo ambiri amene adafika ku Louisiana adagwidwa kumadzulo kwa Africa ndi kudera la Congo, koma khutu lozolowera mbalule silivutika kumva zimene walipenga akuchita.

Kwawo kwa jazz ndi ku New Orleans, mzinda wa doko pafupi ndi pamene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja, womwe udalamulidwa ndi France ndi Spain usanagulidwe ndi America m'chaka cha 1803. Kumeneko akapolo ankaloledwa kusonkhana Lamulungu pabwalo lotchedwa Congo Square, kugulitsa timalonda, kuomba ng'oma ndi kuvina, pamene m'madera ena ambiri ng'oma zidali zoletsedwa. Ukapolo utatha mu 1865, anthu akuda adakhazikitsa mabungwe othandizana pa matenda ndi pa maliro, ndipo mabungwewo ankalemba ganyu magulu a malipenga. Popita kumanda gulu linkayimba nyimbo zamapemphero mozereza, koma pobwerako ng'oma inkasintha ndipo anthu ankavina mumsewu monse. Onjezerani pamenepo blues ya m'minda ya thonje, nyimbo zovomerezana za m'matchalitchi, ragtime ya papiyano ngati ya Scott Joplin, komanso anthu a magazi osakanizika otchedwa Creole, amene adaphunzira kuwerenga manoti koma malamulo a tsankho a m'ma 1890 adawakankhira kumodzi ndi anthu akuda oyimba ndi khutu. Amene amatchulidwa kuti adayamba kuphatikiza zonsezi ndi Buddy Bolden, woliza lipenga lalifupi lotchedwa cornet, yemwe adadwala misala n'kutsekeredwa m'chipatala mu 1907 mpaka imfa yake mu 1931. Palibe mbale ya galamafoni ngakhale imodzi imene idasunga kulira kwa lipenga lake.

Gondwe, Blantyre:
Ndingowonjezera pa zimene abambo afotokoza. Mbale yoyamba ya jazz inajambulidwa ku New York mu 1917, ndipo anaijambula ndi azungu asanu a gulu la Original Dixieland Jass Band, pamene eni chambachi ambiri anadikira mpaka m'ma 1920 kuti mawu awo alowe m'mbale. Nthawi imeneyo anthu akuda ankasamuka mwaunyinji kuchoka kummwera kupita kumizinda ya kumpoto kukasaka ntchito ndi kuthawa nkhanza, ndipo oyimba anatsatira anthu awo. King Oliver anakhazikika ku Chicago, ndipo mu 1922 anaitanitsa mnyamata wake wa ku New Orleans, Louis Armstrong, kuti adzakhale walipenga wachiwiri. Armstrong ameneyu anabadwa mu 1901 mu umphawi wadzaoneni, ndipo lipenga analiphunzira bwino m'nyumba yosungira ana opulupudza, kumene anatumizidwa atawombera mfuti m'mwamba pokondwerera chaka chatsopano.

Achimwene a Chikondi, musayambe ndi nyimbo 20. Sakani imodzi yokha, “West End Blues” imene Armstrong anajambula mu June 1928, ndipo muimvetsere muli ndi pensulo m'manja. Masekondi oyambirira amaliza lipenga yekhayekha popanda womuperekeza, amatsika, amakwera mpaka pa noti yapamwamba, kenako amatsetsereka mothamanga n'kukaima pamene gulu likulowera. Kuchokera pamenepo ndi blues ya ma bar 12 yoyenda pang'onopang'ono moti mukhoza kuwerenga ndi zala. Pa ulendo wachitatu wa ma bar 12 amenewo clarinet imayimba motsika ndipo Armstrong amaiyankha ndi pakamwa popanda mawu atanthauzo, ngati mmene mayi amatonthozera khanda. Earl Hines akamaliza gawo lake la piyano, lipenga limabwerera n'kugwira noti imodzi kwa ma bar pafupifupi 4 osapuma, ndipo munthu umayamba kumupumira iweyo, kenako noti ija imasweka n'kugwa ngati madzi a pamathithi. Zonsezi zimatha m'mphindi zitatu ndi pang'ono, chifukwa mbale za nthawi imeneyo zinkalekezera pamenepo. Armstrong asanabwere, magulu a ku New Orleans ankaluka mawu onse pamodzi, lipenga pakati, clarinet pamwamba, trombone pansi. Iyeyu ndi amene anasandutsa jazz kukhala bwalo limene munthu mmodzi amaimirira n'kunena zakukhosi kwake anzake akumugwirira pansi.

Chikondi, Lilongwe:
Ndaimvetsera kanayi, achimwene a Gondwe, ndipo ndawerenga maulendo asanu a ma bar 12 osasochera. Chandidabwitsa ndi chakuti pamene piyano imathamanga manja onse awiri, chord yachinayi inafikabe pa bar yachisanu ndendende, pamene ndimaiyembekezera. Tsopano ndayamba kuona chimene abambo a Mbewe amatanthauza ponena kuti mutu umatsikira pansi.

Mayi Nachisale, Leeds:
Ndakondwa kuti mwapeza pogwira, achimwene, koma ndaona kuti abambo awiriwa atchula amuna okhaokha, ngati kuti amayi ankangokhala kukhitchini. Amene anamukakamiza Armstrong kuti atuluke m'gulu la King Oliver n'kuima payekha anali mkazi wake Lil Hardin, yemwe anali wophunzira nyimbo kuposa mwamunayo, ankayimba piyano m'mbale zoyambirira za gulu la Armstrong la Hot Five kuyambira mu 1925, ndipo anapeka zina mwa nyimbo zake. M'zaka zomwezo Bessie Smith anali mmodzi mwa oyimba akuda olandira ndalama zambiri m'dziko lonselo. Ndipo Mary Lou Williams, amene analembera nyimbo magulu a Andy Kirk, Benny Goodman ndi Duke Ellington, ndi yemweyo amene m'nyumba mwake ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York, ankasonkhanamo Thelonious Monk ndi Bud Powell pamene chamba chatsopano cha jazz chotchedwa bebop chinkapangidwa.

Inuyo monga munthu wa kwaya ndikufuna mumvetsere Billie Holiday. Mawu ake sanali aakulu ndipo sankafika patali, moti mphunzitsi wa kwaya akanatha kumuika kumbuyo, koma ankachedwetsa mawu dala kuti afike pambuyo pang'ono pa kugunda, n'kusintha mutu wa nyimbo mochenjera kotero kuti mawu wamba achikondi ankamveka ngati akukamba za iye mwini. Iye ankanena kuti anaphunzira pomvetsera mbale za Bessie Smith ndi Armstrong. Mu 1939 anayamba kuyimba “Strange Fruit” ku Café Society ku New York, nyimbo yolembedwa ndi mphunzitsi wachiyuda Abel Meeropol, yonena za anthu akuda amene magulu a azungu ankawapachika m'mitengo popanda kuzenga mlandu. Ankaiyimba pomaliza penipeni, operekera zakumwa ataima, magetsi onse atazimitsidwa kupatula amodzi owunikira nkhope yake, ndipo akamaliza sankabwereranso kudzayimba ina. Kampani ya Columbia imene ankajambulako inakana nyimboyo, ndipo inatuluka kukampani yaing'ono ya Commodore. Mayi ameneyu anamwalira mu 1959 ali ndi zaka 44, atamangidwa ali chigonere m'chipatala pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo. Mukatopa ndi chisoni chake mupite kwa Ella Fitzgerald, amene anatulukira pa mpikisano wa oyimba ongoyamba ku Apollo Theater mu 1934, ndipo ankatha kupikisana ndi sakisofoni pogwiritsa ntchito pakamwa pokha.

Bambo Mbewe, Dedza:
Mwandikonza bwino mayi, ndipo ndalandira. Ena mwa oyimba amene mwatchulawo adakulira m'nyengo imene ine ndimaiona kuti ndiyo idali pachimake, nyengo ya swing, kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1930 mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Gulu linkakhala ndi anthu 15 kapena kuposerapo, a sakisofoni kutsogolo, a trombone pakati, a malipenga kumbuyo, ndipo magawo amenewa ankatsogolerana ndi kuvomerezana monga zimachitikira pa chinamwali kapena pa dambwe. Jazz nthawi imeneyo sidali ya anthu ophunzira ayi, idali nyimbo ya aliyense, yovinidwa m'maholo ngati Savoy Ballroom ya ku Harlem, yomwe idatsegulidwa mu 1926 ndipo inkalola akuda ndi azungu kuvina pabwalo limodzi. Kufupi ndi pomwepo padali Cotton Club, kumene Duke Ellington adayimba kuyambira 1927 mpaka 1931 pamaso pa azungu okhaokha, abale ake osaloledwa kukhala pamipando, ngakhale kuti wailesi inkatenga nyimbozo n'kuzifikitsa m'nyumba za dziko lonse.

Chimene ndimamulemekezera Ellington ndi chakuti sankalembera chida, ankalembera munthu. Ankadziwa mmene Johnny Hodges amatsetserekera kuchoka pa noti ina kupita pa ina, ankadziwa kulemera kwa sakisofoni yaikulu ya Harry Carney, ndipo ankasoka nyimbo molingana ndi thupi la aliyense ngati telala. Carney adalowa m'gululo mu 1927 ndipo adakhalamo mpaka 1974, chaka chimene onse awiri adamwalira. Kwa Count Basie wa ku Kansas City zinthu zidali zopepukirapo, iye ankangodontheza manoti awiri kapena atatu papiyano, pamene Freddie Green ankakwapula gitala kanayi pa bar iliyonse kwa zaka pafupifupi 50 osafuna kuonekera.

Tsono ndinene zimene ndikudziwa kuti a Gondwe sagwirizana nazo. Anyamata a bebop atabwera m'ma 1940, adathamangitsa nyimbo mpaka mwendo wa munthu sungatsatire, adachotsa ovina n'kuika anthu okhala pamipando atagwira chibwano, ndipo kuyambira pamenepo achinyamata akuda adanyamuka kupita ku rhythm and blues. Ndikukhulupirira kuti nyimbo zimene zasokoneza a Chikondi pafoni paja ndi za mbumba imeneyi.

Gondwe, Blantyre:
Abambo, mwandiputa dala ndipo ndiyankha mwaulemu. Amene anapha magulu akuluakulu si anyamata a bebop, ndi nkhondo ndi ndalama. Oyimba ambiri analembedwa usilikali, mafuta ndi matayala zinkagawidwa mopimira moti basi yonyamula anthu 17 sinkatha kuzungulira dziko, ndipo mu 1944 boma linaika msonkho wa 30 peresenti, womwe kenako unatsitsidwa kufika pa 20, pa malo azisangalalo amene munkavinidwa kapena kuyimbidwa ndi pakamwa. Mwini malo wanzeru ankangochotsa bwalo lovinira n'kulemba anthu asanu oyimba zida zokha. Kuwonjezera apo, bungwe la oyimba linaletsa mamembala ake kujambula mbale kuyambira mu 1942 mpaka 1944 polimbana ndi makampani pa nkhani ya malipiro, choncho zaka zimene bebop inkakula sizinajambulidwe mokwanira, ndipo anthu ataimva mu 1945 inawagwera ngati mphezi chifukwa sanaione ikukwawa.

Tiganizirenso za mnyamata waluso amene wakhala usiku wonse akuwerenga manoti a munthu wina, n'kupatsidwa ma bar 8 okha kuti anene zake. Akaweruka ankapita ku Minton's Playhouse ku Harlem, kumene Monk anali papiyano ndipo Kenny Clarke anali pang'oma, n'kuyimba mpaka mbandakucha zimene iwo eni ankafuna. Clarke anasamutsa kugunda kuchoka pang'oma yaikulu ya phazi kupita pa cymbal, mbale yachitsulo ija, kuti phazi ndi dzanja lamanzere zikhale zomasuka kuponya ndemanga. Dizzy Gillespie anali mphunzitsi wa gululo, ndipo Charlie Parker anali moto wake. Koma a Chikondi aone ichi, chifukwa chikuyankha funso lawo: anthu amenewa sanataye msana wa nyimbo. “Ko-Ko” imene Parker anajambula mu November 1945 imayenda pa ma chord a nyimbo yakale ya “Cherokee”, ndipo nyimbo zawo zambirimbiri ndi blues ya ma bar 12 kapena ma chord a “I Got Rhythm” ya George Gershwin atawaveka mutu watsopano. Anasintha liwiro, anawonjezera ma chord odutsirapo pakati pa akale, anayamba kutsindika pamalo osayembekezereka, koma nyumba inali yomweyo. Parker anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34, thupi litatheratu ndi heroin ndi mowa, moti dokotala amene anaona mtembo anaganiza kuti ndi bambo wa zaka zopitirira 50, ndipo chomvetsa chisoni ndi chakuti anyamata ambiri anatengera chizolowezicho poganiza kuti luso linkachokera m'menemo.

Amene anaona kuti ma chord achulukitsa anali mwana wa m'nyumba momwemo, Miles Davis, yemwe anajambula ndi Parker ali ndi zaka 19. Iye analibe liwiro la Gillespie, choncho anaphunzira kusankha manoti ochepa ndi kusiya mipata. Mu March ndi April 1959 analowa mu situdiyo ku New York ndi John Coltrane, Cannonball Adderley, Bill Evans, Wynton Kelly, Paul Chambers ndi Jimmy Cobb, n'kujambula chimbale cha “Kind of Blue”. Nyimbo yoyamba, “So What”, ili ndi ma bar 32 monga mwa nthawi zonse, koma m'malo mwa ma chord ambirimbiri muli malo awiri okha: ma bar 16 pa D, ma bar 8 theka la sitepe pamwamba pake pa E flat, ndi ma bar 8 kubwerera pa D. Mutu umayimbidwa ndi besi, ndipo piyano ndi malipenga zimavomera ndi manoti awiri, ngati mpingo ukuti ameni. Miles amalankhula ngati munthu woyesa mawu asanawatulutse, Coltrane akalowa amadzaza mpata uliwonse ngati wachedwa ulendo, ndipo Adderley amabwera ndi chimwemwe cha blues. Anthu atatu, msewu umodzi. Mu August chaka chomwecho Miles anamenyedwa ndi apolisi mpaka kukha magazi ataima panja pa malo azisangalalo a Birdland ku New York, pamalo pamene dzina lake linali pachikwangwani.

Bambo Mbewe, Dedza:
Za msonkho ndi kuletsa kujambula ndavomera, ndipo ndivomerenso kuti Art Blakey ndi Horace Silver adabweza tchalitchi ndi blues m'nyimbo m'ma 1950, moti “Moanin'” ya mu 1958 ndimaiyimbira m'manja. Coltrane wa “A Love Supreme”, imene adajambula mu December 1964, ndimamumva ngati munthu amene akupemphera, ndipo sindingamutsutse. Koma Ornette Coleman, amene adafika ku New York mu 1959 ndi sakisofoni yapulasitiki n'kunena kuti ma chord ogwirizaniratu safunika, ameneyo adagwetsa msana umene takhala tikuwaphunzitsa a Chikondi tsiku lonse. Ndayesa kumumvetsera kwa zaka zambiri ndipo ndimangomva ngati anthu akukangana pamaliro.

Gondwe, Blantyre:
Ngakhale kukangana kwa pamaliro kumakhala ndi mwambo wake, abambo. Gulu la Coleman linalibe piyano, koma Charlie Haden pabesi ankatsatira kulikonse kumene sakisofoni yakhotera, ndipo kulira kwa Coleman ndi blues ya ku Texas kumene anabadwira. Komabe sindingawatumize a Chikondi kumeneko mwezi uno.

Phiri, Johannesburg:
Akuluakulu, mwakangana bwino koma funso lachiwiri la achimwenewa mwalisiya panjira, ndipo yankho lake lili kuno kumene ine ndikukhala. Mbale za galamafoni ndi makanema a ku America zinkafika ku Johannesburg kuyambira kale, ndipo m'makomboni a anthu akuda zinakumana ndi marabi, nyimbo ya m'mashabini ya m'ma 1920 ndi 1930, yoyimbidwa pa limba lopopa ndi mapazi, yozungulira pa ma chord atatu usiku wonse. M'ma 1950 anyamata osakwanitsa kugula sakisofoni anatenga chitoliro chachitsulo chotchipa, n'kumayesa kutsanzira magulu a swing m'mphepete mwa misewu, ndipo m'menemo munatuluka kwela, imene Spokes Mashiyane anaitchukitsa. Nthawi imeneyo makolo athu ochuluka anali kumigodi kuno kudzera ku Wenela, ena anali ku Salisbury (lero Harare) ndi ku Bulawayo, ndipo mtchona akamabwerera kumudzi ankanyamula jekete, njinga, galamafoni ndi mbale zake. Ana a kumudzi anamva mbalezo, anasema banjo ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, anapanga besi ya chingwe chimodzi, ndipo gulu lawo analitcha dzina limene linkatanthauza nyimbo zamakono za m'tauni. Sizinachitike kwathu kokha, chifukwa ku Congo gulu la Joseph Kabasele linkatchedwa African Jazz ndipo la Franco linkatchedwa OK Jazz, chonsecho onsewo ankayimba rumba. Choncho agogo anu sanalakwitse, anangolandira dzinalo litayenda ulendo wautali.

Amene anafika patali ndi chamba cha kwela chimenechi kwathu ndi malemu Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuyimba ku Blantyre mu 1967, Donald ali kamnyamata koliza chitoliro, ndipo pambuyo pake Kubik yemweyo anayenda ndi Donald m'mayiko ambiri akuyimba limodzi. Mukamvetsera mmene Donald ankalowetsera chitoliro m'kamwa chopendekera kuti apinde manoti, mumva ubale wake ndi sakisofoni za swing.

Ndipo msewuwo sunali wopita mbali imodzi. “Skokiaan”, imene anapeka August Musarurwa woyimba sakisofoni ku Bulawayo, inawoloka nyanja ndipo Armstrong mwiniwake anaijambula mu 1954. Armstrong yemweyo anatumiza lipenga lake ku gulu la anyamata a wansembe Trevor Huddleston kuno ku Johannesburg, ndipo linafikira m'manja mwa Hugh Masekela. Masekela, Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, yemwe pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim, anapanga gulu la bebop la Jazz Epistles, koma apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville mu March 1960 misonkhano inaletsedwa, gululo linabalalika, ndipo ambiri anathawira kunja. Ellington anamumva Ibrahim ku Zürich mu 1963 n'kumuthandiza kujambula chimbale. Abambo a Mbewe akondwa kumva kuti “Mannenberg”, imene Ibrahim anajambula ku Cape Town mu 1974 ndi Basil Coetzee, inabwerera ku kuzungulira kwa marabi, anthu anaivina, ndipo inasanduka nyimbo ya pamisonkhano yolimbana ndi tsankho. Ine ndikamamva “Stimela” ya Masekela, pamene amatchula Malawi pakati pa mayiko amene sitima ya malasha inkatengako anthu opita kumigodi, ndimakumbukira agogo anga aamuna amene anabwerako ndi chifuwa chosatha.

Mayi Nachisale, Leeds:
Achimwene a Phiri, mwandikumbutsa kuti ulusi umenewo sunaduke. Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene gitala yake imamveka m'chimbale cha Paul Simon cha “Graceland” cha mu 1986, bambo ake anali ochokera ku Malawi. Erik Paliani, mwana wa kwathu, ndi amene anakonza chimbale cha Masekela cha “Phola”. Ndipo malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, anatenga mayimbidwe a Chitumbuka ndi kugunda kwa ng'oma za kumpoto n'kuziika pa ma chord a jazz popanda kuzichotsa fungo la kwawo, zomwe kwa ine ndi zovuta kuposa kutsanzira Coltrane noti ndi noti. Ndikanakonda achinyamata oyimba m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akanamamumvetsera iyeyu mofanana ndi mmene amamvetsera anthu a ku America.

Chikondi, Lilongwe:
Zikomo kwambiri nonse, makolo ndi achimwene. Dzulo titamaliza kuphunzira nyimbo za kwaya ndinatsalira ndekha m'tchalitchi, n'kuika “So What” pafoni pamwamba pa kiyibodi. Ndapeza kuti gawo la D limayenda pa makiyi oyera okhaokha, moti dzanja langa linkangoyenda lokha, ndipo pofika pa E flat ndimamva ngati chipinda chonse chakwezedwa pang'ono. Vuto langa ndi lakuti Miles akangomaliza ulendo woyamba ndimasochera, ndimakwera pa E flat iwo asanakwere, ndipo zachitika katatu konse pamalo amodzimodzi. Mlonda wa patchalitchi anachita kubwera kudzasuzumira pawindo kuti aone chimene chikundichititsa kubwereza chinthu chimodzi.

Gondwe, Blantyre:
Pamenepo pamagwa aliyense, achimwene, ngakhale oyimba akale. Chifukwa chake ndi chakuti ma bar 8 omaliza a ulendo woyamba ali pa D, ndipo ma bar 16 oyamba a ulendo wachiwiri alinso pa D, choncho mumakhala ndi ma bar 24 otsatizana popanda chizindikiro chilichonse cha chord, ndipo inuyo mukukwera mutawerenga 16. Musawerenge bar imodziimodzi. Muziwerenga magawo a ma bar 8, atatu pansi ndi limodzi pamwamba, ndipo khutu lanu likhale pa Jimmy Cobb, chifukwa kawirikawiri amaponya kenakake pang'oma gawo likamatha. Mukazolowera, muyese kuyimba manoti osapitirira asanu pa gawo lililonse, ena onsewo muwasiye.

Bambo Mbewe, Dedza:
Chitani zimene a Gondwe akuuzani, koma Loweruka musakhale pampando. Sakani “One O'Clock Jump” ya Count Basie ya mu 1937, muiyike mokweza, ndipo muimirire pamodzi ndi mlonda wanuyo. Ndi blues ya ma bar 12 yomwe ija mudawerenga kwa Armstrong, kungoti piyano imayamba mu F, ndipo sakisofoni ikamalowa nyimbo imasamukira mu D flat, choncho musadabwe dzanja likakusiyani pamenepo. Chakumapeto a sakisofoni, a trombone ndi a malipenga amayamba kuponyerana timawu tatifupi tobwerezabwereza, gawo lililonse kake, mpaka tonse titalukana. Mudzatiuze Lolemba ngati mudatha kuwerenga ma bar mapazi ali phee.